Mantha a wophunzira chipidigoli: kumene amachokera ndi mmene amachepera

Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Mbayani ngakhale ku Zingwangwa, lole ikangotsitsa mulu wa mchenga womangira nyumba, sipapita nthawi ana asanausandutse bwalo lawo. Ena amathamanga n'kuponda pa tayala lokwiriridwa theka kuti liwaponye m'mwamba, ena amaima chadodolido, ndipo ena amayesa chipidigoli chobwerera chambuyo chimene anaonera kwa osewera mpira akamwetsa chigoli kapena kwa ovina a m'makanema a nyimbo. Ambiri mwa anawa alibe mphunzitsi. Amaphunzitsana okhaokha, wamkulu kuonetsa wamng'ono. Pagulu lililonse lotere sipalephera kupezeka mmodzi amene amaima chofulatira mchengawo, n'kupinda mawondo, n'kugwedeza mikono kawiri katatu, koma mapazi osachoka pansi. Anzake amakuwa kuti, "Iwe, ingodumpha, ukuopa chiyani?" Iye amayankha kuti, "Ndikufuna, koma miyendo ikukana."

Ambiri amaliyesa yankho limeneli bodza la munthu wamantha, chonsecho ndi loona, ndipo aliyense wofuna kuthandiza wophunzira ayenera kuyamba walikhulupirira. Chimene timangochitcha mantha pa masewera otembenuka m'malere chili pawiri. Pali mantha a munthu amene sanakonzeke, amene thupi lake silinadziwe njira ya kutembenukako, ndipo manthawo akumuuza zoona. Palinso vuto lina limene limagwera munthu amene ankatembenuka kale bwinobwino, tsiku lina n'kungopezeka kuti thupi lakana kapena lasokonezeka ali m'malere. Magwero a mavuto awiriwa ndi osiyana, koma onse amakula akamakalipiridwa, ndipo onse amachepa wophunzira akabwerera pa gawo laling'ono limene thupi lake likulivomera, pamalo ofewa, pali dzanja la munthu wodziwa kugwirira.

Kuti timvetse chifukwa chake miyendo imakana, tiyambire m'khutu. M'kati mwenimweni mwa khutu lililonse muli timachubu titatu tokhota todzaza ndi madzi, ndipo mutu ukazungulira madziwo amatsalira pang'ono n'kupinda tizingwe tosaoneka ndi maso timene timauza ubongo kuti mutu ukulowera uku kapena uko. Pafupi ndi timachubuto pali timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tating'onoting'ono, tomwe timazindikira kumene kuli pansi. Ubongo umaphatikiza uthenga umenewu ndi zimene maso akuona komanso zimene minofu ndi mfundo za mafupa zikumva, ndipo mwa njira imeneyi munthu amadziwa mmene thupi lake laimira ngakhale ali mumdima. Chiyambire ukhanda, ubongo unaphunzira kuti mutu ukamapita kumbuyo ndi pansi mapazi ali m'mwamba, ndiye kuti munthu akugwa chagada, ndipo umayankha mwa kuumitsa thupi ndi kutambasula mikono kuti igwire pena pake. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene katswiri wa ku New York, Joseph LeDoux, anakafufuza kwa zaka zambiri, kamatha kudzutsa thupi lonse pa ngozi munthu asanaganize n'komwe. Mtima umagunda mofulumira, m'manja mumachita thukuta, nkhongono zimazizira. Zonsezi zimachitika popanda kupempha chilolezo kwa mwini thupi, n'chifukwa chake mawu akuti "usaope" safika kumene kuli vuto.

Apa pali chodabwitsa chimene aphunzitsi a masewerawa amachidziwa bwino. Chipidigoli chopita kutsogolo sichiopsa kwenikweni pochiyamba, chifukwa munthu amaona kumene akupita, koma pomaliza amatera asakuona pansi, popeza maso amakhala atayang'ana kumwamba mpaka mapazi atatsala pang'ono kuponda. Chobwerera chambuyo chimaopsa kwambiri poyamba, chifukwa munthu amadziponya kumene sakuona, koma akangodutsa theka nthaka imaonekera, ndipo amatha kukonzekera kutera. Mantha ambiri amasonkhana pa kamphindi konyamukira, pamene maso sangathandize, ndipo n'chifukwa chake wophunzira wamantha amakonda kucheukira paphewa ponyamuka, thupi n'kupendekera mbali imodzi, kapena kuponya mutu kumbuyo mofulumira kuti aone pansi msanga. Kuponya mutu koteroko kumamuchotsera kutalika kwa kudumpha, motero kumamuyandikizitsa ku ngozi imene akuithawa.

Munthu wodumpha ali chiimire amakhala m'malere nthawi yosakwana sekondi imodzi. M'kanthawi kameneko ayenera kukwera, kukokera mawondo ku chifuwa, kuzungulira, n'kutambasukanso kuti atere. Lamulo la chilengedwe ndi lakuti thupi lopindika limazungulira mofulumira, pamene lotambasuka limazungulira pang'onopang'ono, ndipo mphamvu ya kuzungulirako imatengedwa pansi ponyamuka, siingawonjezedwe munthu ali kale m'mwamba. Tanthauzo lake n'lakuti amene wanyamuka ndi mtima iwiri, n'kusintha maganizo ali pakati, amatambasula thupi pa nthawi imene mutu uli pansi, kuzungulira n'kuchepa, iye n'kutera ndi mutu kapena khosi. Chipidigoli choopsa kuposa zonse ndi chimene chasiyidwa pakati. M'khosi muli mafupa 7 oteteza mtsempha waukulu wochoka ku ubongo kutsikira kumsana, ndipo mitsempha yoyendetsa mnofu wopumira imatulukira chakumtunda kwa khosi komweko, motero kuvulala pamenepo kungaumitse mikono ndi miyendo, ngakhale kuletsa munthu kupuma. Mu Okutobala 2014, wosewera mpira wa ku Mizoram m'dziko la India, Peter Biaksangzuala, wa zaka 23, anamwetsa chigoli n'kutembenuka m'malere posangalala, koma anatera molakwika n'kuvulala msana, ndipo anamwalira patapita masiku asanu. Amene amakankhira mnzake kuti adumphe asanatsimikize mumtima akumukankhira pa kudumpha kwa mtima iwiri kumeneku.

N'chifukwa chake funso loyamba siliyenera kukhala lakuti mantha tiwachotse bwanji, koma lakuti kodi manthawo akunama kapena akunena zoona. Wophunzira amene satha kugudubuka chambuyo pansi mosalala, amene satha kuimira manja atatsamiritsa mapazi kukhoma, amene kudumpha kwake n'kwapansi, kapena amene minofu ya pamimba siingathe kukoka mawondo mwachangu, ali ndi chifukwa chokwanira choopera. Vuto lake silili mumtima, lili m'thupi limene silinakhwime pa ntchitoyo. Munthu wotere safunika kulimbikitsidwa kuti adumphe. Afunika milungu kapena miyezi yolimbitsa miyendo, mimba, mapewa ndi mfundo za manja, ndi kuzolowera kukhala mutu uli pansi mpaka zitasiya kumuchititsa chizungulire. Kawirikawiri zimenezi zikachitika, gawo lalikulu la mantha limatha lokha popanda wina kulankhulapo.

Koma pali ena amene thupi lawo ndi lokonzeka, wogwirira akangoika chala chimodzi pamsana amatembenuka bwinobwino, koma chalacho chikachoka amauma. Kwa oterewa mantha amadyetsedwa ndi chinthu chimene sichioneka msanga. Katswiri wa za maganizo wa ku America, O. Hobart Mowrer, anafotokoza m'zaka za m'ma 1940 kuti munthu akathawa chinthu chimene akuchiopa, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo mpumulo umenewo umakhala ngati malipiro ophunzitsa thupi kuti lidzathawenso. Mnyamata amene waima pa mchenga, n'kugwedeza mikono, n'kuleka, amamva kupepukidwa pang'ono, ndipo akabwereza zimenezi kambirimbiri madzulo amodzi, chimene thupi lake laphunzira tsikulo si chipidigoli ayi, koma kuyamba ndi kuleka. Aphunzitsi odziwa ntchito salola wophunzira kuima nthawi yaitali akulimbana ndi mtima wake. Amagwirizana naye kuti akawerenga mpaka katatu osanyamuka, kawiri kotsatizana, achokepo n'kubwerera pa gawo limene amalitha mosakayika, alichite kangapo, kenako ayesenso. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli lokha, likanadziwika m'magulu a ana a m'makwalala athu, likanapulumutsa ambiri ku mantha okhalitsa.

Njira yochepetsera mantha pang'onopang'ono si yachilendo. Mu 1924, katswiri wa za maganizo wa ku America, Mary Cover Jones, anathandiza kamnyamata kotchedwa Peter kamene kankaopa kalulu, mwa kumabweretsa kaluluyo pafupi pang'onopang'ono kamnyamatako kakudya chakudya chimene kankakonda, mpaka kanayamba kumugwira. M'zaka za m'ma 1950, dokotala wa matenda a maganizo wobadwira ku Johannesburg, Joseph Wolpe, anaikonza njirayi bwino: wodwala amandandalika zinthu zimene amaziopa kuyambira chochepa mpaka chachikulu, n'kumakumana nazo chimodzichimodzi, osapita pa chotsatira mpaka chapitacho chitasiya kumugunditsa mtima. Maphunziro abwino a masewera otembenuka amatsata maganizo omwewo, ngakhale mphunzitsi atakhala kuti sanamvepo za Wolpe.

Pa chipidigoli chobwerera chambuyo, magawo ake amayenda chonchi. Wophunzira amayamba ndi kugudubuka chambuyo pamalo otsetsereka pang'ono, kuti khutu ndi maso zizolowere dziko likamatembenuka. Kenako amaphunzira kudumpha chowongoka mikono ikukwera m'mbali mwa makutu, maso ali pa chinthu chimodzi patsogolo pake, monga zenera kapena nthambi, ndipo wogwirira amamulandira pamsana kuti amve kuti kunyamuka n'kopita m'mwamba, osati kumbuyo. Amagona chagada n'kumakoka mawondo mwachangu mpaka chiuno chitanyamuka. Amadumphira chagada pa mulu wa matiresi wofika m'chiuno. Akatha zonsezi m'pamene amatembenuka koyamba, anthu awiri atamugwirira mbali ndi mbali. Wogwirira amaima pambali, miyendo atatangadza, dzanja limodzi lili pamunsi pa msana wa wophunzira, lina lili kumbuyo kwa ntchafu. Loyambalo limanyamula, lachiwirilo limakankha miyendo kuti idutse pamwamba pa mutu, ndipo maso a wogwirira sachoka pa khosi ndi mapewa a mnzakeyo mpaka mapazi ataponda. Iyi ndi ntchito yofunika kuiphunzira payokha, ndiponso yofuna mphamvu. Mwana wa zaka khumi sangagwirire mnzake wa msinkhu wake, ndipo munthu wamkulu amene sanagwirirepo ayenera kuyamba waonera wodziwa, n'kuyeserera pa magawo osavuta.

Pakapita masiku, ogwirira awiri amatsala mmodzi, dzanja lonyamula limasanduka longokhudza, kenako wogwirira amangoima pafupi manja ali okonzeka, kenako amasuntha phazi limodzi kumbuyo. Pamenepa m'pamene ambiri amalakwitsa chinthu chachikulu. Wophunzira amati, "Achimwene, musachotse dzanja," wamkuluyo n'kuvomera kuti, "Ndilipo, dumpha," koma n'kuchotsa dzanjalo mwakabisira kuti pambuyo pake anene kuti, "Waona, wachita wekha." Nthawi zina chinyengo chimenechi chimaoneka ngati chathandiza, koma mtengo wake ndi waukulu, chifukwa kuyambira tsikulo wophunzira sakhulupiriranso dzanja lililonse, ndipo ponyamuka theka la maganizo ake limakhala likufufuza ngati dzanjalo lilipodi. Dzanja lichoke pamene wophunzira mwini wanena kuti lichoke. Albert Bandura, katswiri wa za maganizo wa pa yunivesite ya Stanford, anaonetsa mu 1977 kuti chikhulupiriro cha munthu chakuti angathe chinthu chimamangidwa kwambiri ndi zimene wazichita yekha n'kupambana, chimathandizidwa ndi kuona anzake ofanana naye akuchita, ndipo mawu olimbikitsa ali ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi ziwirizi. Kutembenuka makumi angapo mosavulala pa gawo losavuta kumachita zimene kukuwa kwa gulu lonse sikungachite.

M'mayiko amene masewera odumpha ndi kutembenuka otchedwa gymnastics ali ndi nyumba zakezake, wophunzira amagwera m'dzenje lodzaza zidutswa za siponji, kapena amamangidwa lamba wa zingwe m'chiuno kuti ngakhale alakwitse asagunde pansi. Ana ambiri a ku Blantyre zimenezi amangoziona pa foni, choncho tiyenera kulankhula za zimene zilipo. Mchenga ndi wabwino ukakhala wakuya ndi wofukulidwa, koma umalimba anthu akaterapo kangapo, makamaka ukanyowa, motero umafunika kuutembenuza ndi khasu kapena fosholo pafupipafupi, ndi kuusanthula kuti musakhale miyala, mabotolo osweka, waya kapena zidutswa za njerwa. Utuchi wochokera kwa akalipentala, monga aja ochuluka ku Ndirande, ukathiridwa mokwanira m'dzenje losaya umalandira bwino thupi, bola ukhale wopanda misomali. Matiresi amodzi opyapyala oyalidwa pa simenti amanyenga maso, chifukwa amaoneka ofewa koma phazi kapena mutu umafika pansi. Ndipo matiresi awiri ogundanitsidwa amasiya mpata pakati pomwe phazi lingalowe n'kubinya. Kapinga wa m'dzinja amaterera, pamene bwalo la mu Okutobala limauma gwaa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta mzinda, thupi limafuna nthawi yotalikirapo yotenthetsa minofu lisanayambe kudumpha. Pa za madzi ndiyenera kunena mosabisa: kuphunzirira chipidigoli podumphira mumtsinje kapena padziwe limene kuya kwake sikukudziwika ndi njira imodzi yodziwika bwino yothyokera khosi, ndipo mitsinje ya mumzinda uno, monga Mudi ndi Naperi, ndi yamiyala.

Wophunzira ayeneranso kudziwiratu kuti mantha amene achepa akhoza kubwerera, kuti akabwerera asadzione ngati wolephera. Kafukufuku wa katswiri wa za maganizo, Mark Bouton, ndi anzake anaonetsa kuti ubongo sufufuta mantha akale. Umangophunzira phunziro latsopano lakuti pamalo ano palibe ngozi, ndipo phunziro latsopanoli limamatirira ku malo amene linaphunziridwa. Amene amatembenuka mosavuta pa mchenga wa kwawo akhoza kuuma atafika pa kapinga wa ku Njamba, kapena pa simenti ya holo ya ukwati anthu atamuzungulira mafoni ali m'mwamba. Zimenezi zimachitikira aliyense. Mankhwala ake ndi kubwerera magawo awiri kapena atatu pa malo atsopanowo, kuitananso wogwirira, n'kukweranso, ndipo ulendo wachiwiri umafulumira kuposa woyamba. Makanema a pa TikTok ndi Facebook amasokoneza pamenepa, chifukwa amaonetsa kudumpha kumene kwatheka, osaonetsa miyezi ya matiresi ndi manja ogwirira imene inatsogola.

Vuto lachiwiri lija, la munthu amene ankatha kale, dziko lonse linaliona pa 27 Julaye 2021 pa masewera a Olimpiki ku Tokyo. Simone Biles wa ku America, amene ambiri amamuona kuti ndi katswiri woposa onse m'mbiri ya gymnastics, anathamanga kukadumpha pa chida chotchedwa vault, atakonzekera kutembenuka uku akuzungulira ngati nguli kawiri ndi theka, koma anazungulira kamodzi ndi theka, n'kutera movutikira, maso akuonetsa kuti sanadziwe pamene anali. Anachoka pa mpikisano wa matimu tsiku lomwelo, ndipo pambuyo pake anasiyanso mipikisano ina inayi. Anafotokoza kuti akakhala m'malere sankatha kusiyanitsa kumwamba ndi pansi, ndipo thupi silinkachita zimene maganizo akufuna, vuto limene ochita masewerawa amalitcha twisties. Ena anamunyoza kuti wathawa chifukwa cha mantha, koma anzake odziwa masewerawo anamuikira kumbuyo, podziwa kuti munthu wosochera m'malere pa liwiro limenelo akhoza kutera ndi khosi.

Chimachitika n'chiyani kuti thupi liiwale zimene lazichita kwa zaka? Akatswiri a za maganizo, Paul Fitts ndi Michael Posner, anafotokoza mu 1967 kuti luso la thupi limadutsa magawo atatu: poyamba munthu amaganizira chilichonse chimene akuchita, kenako amalumikiza zidutswazo, ndipo pomaliza lusolo limayenda lokha popanda kuliganizira. Wofufuza wina, Richard Masters, anaonetsa mu 1992 kuti munthu akapanikizika amayamba kuyang'anira ndi maganizo luso limene linkayenda lokha, ndipo potero amaliphwanya. Maganizo ndi ochedwa poyerekeza ndi chipidigoli. Pamene munthu akudzifunsa kuti mkono wanga uli pati, nthawi yoti mkonowo ugwire ntchito imakhala yadutsa. Ofufuza a ku Britain amene anacheza ndi akatswiri odumpha pa trampoline (nsalu yokungidwa imene imaponya munthu m'mwamba), m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2006, anapeza kuti vutoli kawirikawiri linkalumikizana ndi mmene lusolo linaphunziridwira poyamba, komanso ndi chipsinjo chimene chinkakula pang'onopang'ono kuchokera kumbali zosiyanasiyana. Pali zinanso zimene zimaliyambitsa: kugwa koopsa, kuona mnzako akuvulala, kutopa, kusowa tulo, ndi nkhawa za kunyumba zimene sizikhudzana ndi masewera. Kwa achinyamata pali chinanso chimene makolo ndi aphunzitsi amachiiwala. Mwana akamasinkhuka, miyendo imatalika msanga, kulemera kwa thupi kumasuntha, ndipo kayezedwe kamene ubongo unazolowera sikagwirizananso ndi thupi latsopanolo. Mtsikana kapena mnyamata amene ankatembenuka mosavuta ali ndi zaka 11 akhoza kuyamba kuopa ali ndi zaka 14, osati chifukwa wasanduka wamantha, koma chifukwa akuyendetsa thupi lina.

Zimene Biles anachita ku Tokyo n'zofanana ndi zimene tafotokoza za wophunzira watsopano. Anapita mwakachetechete ku nyumba ya masewera ya yunivesite ya Juntendo, kumene kunali malo ofewa oterapo, n'kuyambiranso pa zinthu zosavuta. Pa 3 Ogasiti anabwerera kudzapikisana pa mtanda wopapatiza wa masentimita 10, atasintha katsikidwe kake kuti musakhale kuzungulira kumene kunkamusokoneza, ndipo anapata mendulo ya bronze. Anapuma pafupifupi zaka ziwiri akulandira thandizo la akatswiri a za maganizo, anabwerera mu 2023, ndipo ku Paris mu 2024 anapata mendulo zitatu za golide ndi imodzi ya siliva. Ngati katswiri wa msinkhu umenewo anafunika kubwerera pa matiresi ofewa, mnyamata wa ku Chilobwe asachite manyazi kuitananso dzanja la mkulu wake.

Pali zina zing'onozing'ono zimene zimathandiza pa mavuto onse awiri. Kafukufuku wa Gabriele Wulf, wofufuza mmene thupi limaphunzirira luso, waonetsa kuti thupi limagwira bwino ntchito maganizo akakhala pa chinthu cha kunja kwa thupi kusiyana ndi pa ziwalo, motero ndi bwino kuuza wophunzira kuti "kankha nthaka" kapena "fikira nthambi iyo" kusiyana ndi kumuwerengera zimene bondo, chiuno ndi khosi ziyenera kuchita. Liwu limodzi lodziuza ponyamuka, monga lakuti "m'mwamba", limatsekereza maganizo ena. Kupuma mozama n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumatsitsa kugunda kwa mtima. Kudziona m'maganizo ukutembenuka kuchokera poyamba mpaka potera kumathandizanso, ndipo kumaulula pamene pali mfundo, chifukwa amene watsekeka nthawi zambiri chithunzi chake chimaima pamalo omwewo pamene thupi limakana. Kuonera kanema wake yemwe wa tsiku limene anachita bwino kumathandiza kuchilumikiza. Ndipo zinthu zatsopano ziyesedwe kumayambiriro kwa masewera thupi likadali ndi mphamvu, osati dzuwa litalowa aliyense atatopa, pamene mawu akuti "komaliza kamodzi" amakonda kumveka.

Zimene kukakamiza kumabala zinaoneka pa Elena Mukhina wa ku Soviet Union, amene anali katswiri wa gymnastics wa dziko lonse lapansi mu 1978 ku Strasbourg. Mu 1979 anathyoka mwendo, ndipo anamubwezera pa masewera usanapole bwino kuti akonzekere Olimpiki ya ku Moscow. Ankamuphunzitsa kalumphidwe koopsa kotchedwa Thomas salto, komwe munthu amamaliza ndi kugudubukira pamutu m'malo motera ndi mapazi, ndipo iye mwini anadzanena pambuyo pake kuti anachenjeza kangapo kuti adzathyokapo khosi, koma sanamumvere. Pa 3 Julaye 1980, ku Minsk, analephera kumaliza kuzungulira n'kugwera chibwano. Anali ndi zaka 20, ndipo anakhala wopuwala kuyambira m'khosi kutsika mpaka pamene anamwalira mu Disembala 2006. Kalumphidweko kanaletsedwa pa mipikisano ya akazi. Mantha a Mukhina sanali kufooka kwa mtima. Anali chidziwitso cha munthu amene ankalidziwa thupi lake kuposa onse omuzungulira.

Kwathu kuno kukakamiza sikuchokera kwa aphunzitsi a boma ofuna mendulo, koma kwa anzako. Mnyamata amauzidwa kuti mwamuna saopa, amatchedwa wamantha pamaso pa gulu, ndipo amadumpha kuti athawe chitonzo. Mtsikana nthawi zambiri amauzidwa kuti awa si masewera a akazi, motero akakayika kamodzi, onse amati zatsimikizika, iye n'kusiyiratu, chonsecho pa mipikisano ya dziko lonse akazi amachita zinthu zimene amuna ambiri sangaziyese. Wamkulu wa gulu, kaya ndi mtsogoleri wa ovina, mphunzitsi wa masewera pasukulu kapena mnyamata amene anzake amamumvera, ndiye angasinthe zimenezi, mwa kukhazikitsa kuti amene wati "lero ayi" asasekedwe, ndi kuti aliyense, ngakhale wodziwa, ayambe ndi magawo osavuta tsiku lililonse. Makolo amene amaletseratu masewerawa ali ndi chifukwa chomveka, koma kawirikawiri chiletsocho chimangowasamutsira anawo kuseri kwa nyumba yosatha kumangidwa kumene kulibe wamkulu aliyense. Kufunsa kuti akudumphira pati, akugwirira ndani, ndipo pansi pali chiyani, kumateteza mwana kuposa kumuletsa.

Gulu lililonse lochita masewerawa liyeneranso kudziwa chochita wina akagwa molakwika, chifukwa mphindi zoyambirira zimatha kusiyanitsa kuchira ndi kupuwala. Munthu akagwera mutu kapena khosi n'kumadandaula kupweteka m'khosi, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, kapena kulephera kusuntha chiwalo, asadzutsidwe, asakokedwe khosi poti aliwongole, asamwetsedwe madzi, ndipo asakwezedwe pa kabaza. Mmodzi agwade kumutu kwake n'kugwira mutuwo ndi manja awiri kuti usagwedezeke, ena afune galimoto imene angagonemo chowongoka. Ngati n'kofunika kumunyamula, anthu angapo amusunthire pamodzi pa thabwa lalikulu kapena chitseko, mutu, khosi ndi msana zili pa mzere umodzi, n'kupita naye ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ku Gulupu. Amene wagunda mutu n'kudzuka yekha asadumphenso tsiku limenelo, ndipo akayamba kusanza, kusokonezeka, kuodzera modabwitsa kapena mutu ukamapweteka mowonjezereka, apite naye kuchipatala msanga. Akachira n'kufuna kubwerera ku masewera, ayambe wamva kwa dokotala, ndipo ayambirenso pa kugudubuka pansi, chifukwa amene anaona ngoziyo ndi amene anaimva m'thupi onse adzafunika magawo aja kuyambira pa loyamba.